NDERE ZINAPHA NSOMBA ZANGA, INE NKUKANAMIZIRA MLAMU

Anzanga a mumsika wa Limbe, inu amene mumandiona tsiku ndi tsiku nditakhala kuseri kwa milu ya usipa ndi utaka, lero ndabwera ndi nkhani yondichititsa manyazi. Ndikanatha kuibisa, koma ambiri mwa inu mwakhala mukundifunsa kuti, "Achimwene, geni ya dziwe ija ikuyenda bwanji? Nafenso tikufuna tikakumbe kumudzi." Ndiye ndati ndifotokoze zonse, zokoma ndi zowawa zomwe, kuti wina asadzagwere m'mbuna imene ndinagweramo ine.

Ine ndine mkamwini kwa Likoswe m'boma la Chiradzulu, chakufupi ndi Nguludi. Mkati mwa sabata ndimagona ku Bangwe komwe ndimachita lendi, Loweruka madzulo ndiye ndimakwera minibasi ya pamsewu wa Midima kukaona banja. Nsomba ndinayamba kuzigwira m'manja kalekale. Nyanja ya Chilwa itauma mu 1995 ndinali kamnyamata konyamulira malume matumba a matemba ku Kachulu. Itaphwanso mu 2018 ndinali ndi benchi langalanga, ndipo ndinaona ndi maso anga mmene geni yodalira nyanja imagwera. Kenaka mu November 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti. Ulendo wokapikula ku Mangochi unasanduka wongodyetsa eni magalimoto.

Apa mpamene ndinati, bwanji nsombazo ndiziweta ndekha? Paja ulimi wa nsomba siwachilendo m'dziko muno. Ku Domasi m'boma la Zomba kuli malo aboma ofufuzira za ulimiwu, ndipo alimi ambiri ku Mulanje, Thyolo ndi Zomba akuweta makumba, chambo, chilunguni ndi milamba m'maiwe okumba okha.

Mayi a kunyumba anakatenga K350,000 kubanki mkhonde yawo. Mu April 2024 aganyu anakumba dziwe la mamita 20 m'litali ndi 10 m'lifupi kudimba la kwao kwa akazi anga, mmunsi mwa kasupe. Mu May ndinathiramo mbewu ya makumba ndi chambo yomwe ndinagula kwa mlimi wina. Maganizo anga anali pa Khirisimasi: chambo chaiwisi pa benchi, makasitomala ali pamzere.

MKANGANO WA MADZI

Koma panali munthu mmodzi yemwe sanakondwe nazo: mlamu wanga, mchimwene wao wa akazi anga, mwini mbumba. Iwowa amalima tomato ndi kabichi mmunsi mwa kasupe yemweyo, ndipo ndi dimbalo lomwe limawalipirira ana fizi.

"Alamu," anandiuza tsiku lomwe aganyu anayamba kukumba, "mvula ya chaka chino mwaiona nokha. Kasupeyu sangatikwanire tonse awiri."

Sankanama. Chaka chimenecho ndi chija El Nino anaotcha chimanga, boma nkulengeza mu March kuti maboma 23 ali pa ngozi. Koma ine ndinangoti ndi nsanje basi. Pofika mu August kasupe anayamba kuchepa mphamvu, ndipo tinakangana kwambiri mpaka akuluakulu a pabanja anatikhazika pansi. Chigamulo chinali chakuti ngalande yolowa m'dziwe langa itsekedwe, madzi azipita kudimba la tomato. Ine monga mkamwini ndinalibe mau. Pobalalika mlamu anaponya mau akuti, "Tiona ngati nsombazo mudzazidye." Mauwo ndinawasunga mumtima.

Tsono mverani zimene ndinkachita ine mwini, zimene pa nthawiyo ndinkaziyesa nzeru.

Wondigulitsa mbewu anati nsomba 600 zikwana. Ine ndi mutu wanga wa geni ndinati malo alipo ambiri, ndinathiramo 1,500. Ndinamvanso kuti madzi obiriwira ndiwo chakudya cha nsomba, ndiye ndinati akabiriwira kwambiri zikula msanga. Loweruka lililonse ndinkabwera ndi thumba la chitosi cha nkhuku za chizungu kuchokera ku Bangwe nkulikhuthula lonse m'dziwemo. Mnyamata woyang'anira ndinamuuza kuti azithira beseni lodzaza la madeya m'mawa ndi madzulo, kaya zamaliza kaya sizinamalize.

Mu September m'mbali mwa dziwe munayamba kumera ndere zaubweya, zonga thonje lonyowa, zokakamira paudzu. Mu October madzi onse anangoti bii kubiriwira, kulemera ngati msuzi wa chisoso. Pamwamba panayandama zinthu zonga penti wobiriwira, mphepo nkumazikankhira pakona imodzi. Kafungo nako kanayamba. Mnyamata uja anandiuza kuti, "Bwana, m'mamawa nsomba zikumabwera pamwamba zitayasama kukamwa." Mukudziwa chimene ndinamuyankha? Ndinati, "Zikupempha chakudya zimenezo, uziwonjezera madeya." Eetu abale, safunsa anadya phula.

TSIKU LA TSOKA

Kumapeto kwa October kunatentha koopsa. Kenaka kwa masiku awiri kunachita mitambo, mvula osagwa, mphepo ziii. Lachitatu m'bandakucha foni inalira. Anali mayi a kunyumba, mau akunjenjemera.

"Abambo, siyani zonse mubwere. Nsomba zatha kuno."

Ndinasiya benchi m'manja mwa mnzanga, ulendo wa kumudzi. Chimene ndinakapeza sindidzachiiwala. Pamwamba pa dziwe panali mbuu, nsomba zitagadama mimba kumwamba, zazikuluzikulu zokhazokha, zija ndinkati ndidzagulitsa pamtengo wabwino. Madzi anali atasintha, obiriwira aja atayamba kuda ngati a m'chithaphwi, fungo lake losayandikirika. Titavuula ndi kuwerenga zinakwana 430. Anthu a m'mudzi anali atazungulira, ena manja m'khosi, ena akunong'onezana.

Mayi wina wachikulire anati, "Izi si zabwinobwino izi. Alipo waponyamo tameki."

Wina anati ndi katupe. Winanso anati ndi zamankhwala achikuda, wina waponda dziwe usiku. Ine m'mutu mwanga munkangomveka mau aja akuti, tiona ngati mudzazidye.

Masana omwewo mnzanga wina ananditengera kwa sing'anga. Bamboyo anandifunsa mafunso angapo, ndipo ine ndi mkwiyo wanga ndinamufotokozera zonse za mkangano wa kasupe. Atagwedeza nsupa zake anati, "Wakuchita chipongwe ndi munthu wa pafupi, wa magazi amodzi ndi mkazi wako." Ndinalipira K15,000 kuti andiuze zomwe ndinali nditamuuza kale ine mwini!

Nditabwerako sindinapite kunyumba. Ndinalunjika kudimba la tomato komwe mlamu ankathirira ndi khasu m'manja, ndipo pamaso pa anthu ndinawatchula kuti ndi mfiti, wakupha, wanjiru. Iwo sanabweze mwano. Anangoika khasu pansi nkunena kuti, "Alamu, mau amenewa mukawanenenso kwa amfumu." Usiku umenewo m'nyumba mwanga simunadyedwe nsima. Mayi a kunyumba anangokhala pamphasa nkumalira, uku mwamuna wao, uku mlongo wao, ngongole ili m'dzina lao.

MLANGIZI AFIKA

Amene anaganiza bwino pa tonsefe anali mayiwo. M'mawa mwake, osandiuza, anaimbira foni mlangizi wa za nsomba yemwe nambala yake anaipeza kwa mlimi wotigulitsa mbewu uja. Usiku umenewo zinali zitafanso zina 60. Mlangiziyo anafika panjinga yamoto cha m'ma 9 koloko. Anazungulira dziwe mwakachetechete, nkupinda mkono wa malaya, nkulowetsa dzanja m'madzi. Lisanafike nkomwe pachigongono chikhatho chinali chitabisika kale.

"Bambo, zikumafa nthawi yanji?" anafunsa.

Ndinati m'bandakucha.

"Masana zimafanso?"

Ndinati ayi, dzuwa likakwera zotsala zimabwerera pansi.

"Zafazo ndi zazikulu kapena zazing'ono?"

Ndinati zazikulu.

Kenaka analoza m'mbali mwa dziwe. "Nanga achule awo ndi ambululu akusambirawo, tameki wakeyo anawasiya bwanji? Ndipo taonani apo." Pakona panatumphuka mlamba, umodzi mwa ingapo imene inalowa yokha ndi madzi a m'ngalande, uli ndi mphamvu zake zonse.

Anatifotokozera kuti poizoni sasankha nthawi ndipo sasankha msinkhu. Akalowa m'madzi amapha chachikulu ndi chaching'ono, usana kapena usiku, pamodzi ndi tizilombo tina ta m'madzimo. Koma nsomba zikamafa m'bandakucha mokha, zazikulu nkumayambirira, milamba nkumatsala, ndiye kuti m'madzimo mwatha mpweya uja asukulu amati okosijeni. Mlamba umapulumuka chifukwa uli ndi chiwalo chopumira mpweya wa kunja, nchifukwa chake umakhala moyo ngakhale m'matope.

Ndinafunsa kuti nanga mpweyawo wamaliza ndani?

"Ndere zanuzi," anatero. "Ndipo amene mwazinenepetsa ndinu."

Apa ndinamva ngati andithira madzi ozizira. Anati ndere ndi zomera ngati zomera zina zonse. Dzuwa likamawala zimatulutsa mpweya wabwino m'madzi, koma usiku zimaleka kutulutsa nkuyamba kuugwiritsa ntchito, kulimbirana ndi nsomba. Nchifukwa chake mpweya umachepetsetsa kukamacha. Madzi otentha nawo sasunga mpweya wambiri ngati ozizira. Kukachita mitambo masiku awiri atatu, ndere sizipanga mpweya wokwanira masana, koma usiku zimadyabe chimodzimodzi. Zikachulukitsa zimayamba kufa zokha, ndipo kuola kwakeko kumamaliza kampweya kotsalako. Chitosi chimene ndinkakhuthula chinali feteleza wa ndere. Madeya otsala ankaolera pansi. Nsomba zinali zopyola muyeso, iye anati pa dziwe lopanda makina ngati langa zitatu pa mita imodzi ya bwalo nzokwana, ine ndinaika zoposa zisanu ndi ziwiri. Pamwamba pa zonsezi, madzi atsopano anali asanalowemo kwa miyezi iwiri.

Ndinayang'ana pansi. Mfiti ija inali ine ndemwe, ndi thumba langa la chitosi.

MANKHWALA AKE ANALI KWA MLAMU

Mlangizi anati kuti zotsalazo zipulumuke pafunika zinthu zingapo tsiku lomwelo. Kusiyiratu chitosi. Kusiya kudyetsa kwa masiku angapo, poti nsomba yokhuta imafuna mpweya wambiri ndipo siifa ndi njala ya masiku atatu. Kuvuula ndere zaubweya ndi nsungwi komanso kuyengula zoyandama zija ndi chiguduli, nkukazitaya kutali kuti zisabwererenso ndi mvula. Kudzuka 3 koloko usiku nkumamenya madzi ndi nsungwi kapena kutunga ndi ndowa nkumawakhuthula kuchokera m'mwamba kuti mpweya ulowe. Kuchotsako nsomba zina. Koma chachikulu pa zonse, kutulutsa gawo la madzi oipawo nkulowetsa atsopano.

Madzi atsopano akachokera kuti? Kungalande ija. Ngalande ili m'manja mwa ndani? Mwa munthu yemwe dzulo lake ndinamutcha mfiti.

Anzanga, ndakhala ndikuthamangitsidwa ndi ngongole, ndagonapo ndi njala pa depoti, koma ulendo wovuta ngati wa kuchokera padziwe langa kukafika kudimba la tomato sindinauyendepo. Ndinavula chipewa, ndinanjuta, ndinati, "Alamu, ndinalakwa. Pakamwa panga pandipweteka. Ngati mukana madzi, ine sindidandaula."

Anakhala chete nthawi yaitali. Kenaka anati, "Mlandu uli kwa amfumu sindiuchotsa, chifukwa munandinyoza pagulu ndipo mukapepesa pagulu. Koma ngongoleyo ndi ya mlongo wanga. Tiyeni."

Anatenga khasu lao nkukatsegula okha ngalande. Kwa masiku asanu madzi a usiku onse ankalowa m'dziwe langa, iwo nkumathirira tomato ndi otsala a masana, ndipo mizere ina ya kumapeto inafota. Usiku wachiwiri, ndikumenya madzi ndekha mumdima, ndinangoona tochi ikubwera. Anali iwo, atanyamula nsungwi yao. Kuyambira tsiku lachitatu sipanafenso nsomba ngakhale imodzi.

Za nsomba zakufa zija ndinenepo, poti izi zikukhudza ife a mumsika. Sindibisa, maganizo oziwamba nkubwera nazo pa benchi anandifikira. Anthu 490 akanagula osadziwa kanthu. Koma zambiri zinali zitatupa kale ndi dzuwa, ndipo mlangizi anachenjeza kuti ndere zija zonga penti, mitundu ina imatulutsa poizoni. Anati nsomba imene wapeza itafa yokha usanadziwe chaipha si ya pa msika. Anatikumbutsanso za matenda a zilonda za nsomba amene anabuka ku Mchinji mu 2020. Tinakumba dzenje nkuzikwirira zonse. Zinandiwawa, koma kasitomala ukamudwalitsa kamodzi sabweranso, ndipo amauza anzake khumi.

NGAKHALE KU JONI ZILIKO

Sabata yomweyo mphwanga wina, mwana wa mlongo wanga yemwe amagwira ntchito ya m'nyumba ku Johannesburg, anandiimbira pa WhatsApp atamva za tsokali. Nditamufotokozera anaseka mpaka kutsokomola.

"Malume, nkhondo yanuyo ndi yomwe ndikumenya ine kuno pabalaza pa abwana!"

Ati abwana akewo ali ndi thanki yagalasi m'nyumba, ya madzi amchere ngati a kunyanja yaikulu, momwe amasungamo tinsomba tamaangamaanga ndi timiyala tamoyo tija amati makorali. Sizodya ayi, nzongoonera. Ndiye ana a m'nyumbamo ankangothira chakudya nthawi iliyonse akadutsa, magetsi a pathanki nkumayaka mpaka pakati pa usiku. Posakhalitsa ndere zonga tsitsi lobiriwira zinakuta miyala yonse, nkuyamba kuphimba makorali odula aja. Abwana anagula mabotolo a mankhwala, ndere nkumachoka sabata imodzi nkubweranso. Katswiri amene anamuitana anayeza madzi nkupeza kuti mwachuluka mchere wa nayitireti ndi fosifeti, womwe umachokera ku zakudya zotsala ndi ndowe za nsomba. Malangizo ake: chepetsani chakudya, chepetsani maola a magetsi, sinthani gawo la madzi sabata iliyonse, zulani nderezo ndi manja ndi mswachi, ikanimo nkhono zodya ndere, ndipo dekhani chifukwa zimatenga masabata.

"Ndiye mswachiwo amagwira ndine, malume," anatero.

Ndinadabwa kuti thanki ya munthu wolemera ku Joni ndi dziwe la mkamwini kwa Likoswe matenda ake ndi amodzi, gwero lake limodzi, mankhwala ake amodzi. Paja nayitirojeni ndi fosifolasi ndi zomwe zija timagula m'thumba la feteleza wokulitsa chimanga. Zikalowa m'madzi zimakulitsa ndere. Mphwangayo anandiuzanso kuti m'masitolo ogulitsa nsomba zoonera kumeneko amaonamo mbuna za m'nyanja yathu ya Malawi. Nzoona. Kuyambira zaka za m'ma 1970 malemu Stuart Grant ankatumiza nsomba zimenezi kunja kuchokera ku Senga Bay m'boma la Salima, ndipo mbuna zambiri chakudya chake ndi ndere zomwe zimapala pamiyala.

Ndere zonga penti zija musazione kuchepa. Mu 2020 ku Botswana kunafa njovu zoposa 300, ndipo boma lakumeneko linati zinamwa madzi okhala ndi poizoni wa ndere za mtundu umenewu. Mu December 2024 ku Lake Chivero, nyanja yomwetsa mzinda wa Harare ku Zimbabwe, kunafa zipembere zinayi ndi nyama zina pa chifukwa chomwechi, madzi ake ataipitsidwa ndi zonyansa za m'masuweji. Ngati zikugwetsa njovu, mbuzi yanu ndi ndani? Mukaona dziwe layandama penti wobiriwira, ziweto zisamwemo ndipo ana asasambemo.

KWA INU MUKUFUNA KUKUMBA

Musamve ngati ndikuti ndere zonse nzoipa. Madzi oyera mbee m'dziwe la makumba ndi njala, chifukwa tindere ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso ndito chakudya chake chenicheni. Nkhani ndi muyeso, monga mchere m'ndiwo. Sikelo yake muli nayo kale, ndi mkono wanu. Lowetsani dzanja mpaka pachigongono. Mukamaona chikhatho bwinobwino, onjezerani manyowa pang'ono. Chikamaoneka mwa chizimezime, zili bwino, siyani choncho. Chikabisika musanafike pachigongono, siyani manyowa ndipo lowetsani madzi.

Manyowa musamakhuthule m'dziwe monse monga ndinkachitira ine. Ikani m'thumba kapena m'kakhola ka nsungwi pakona, kuti zikavuta mungochotsa. Chakudya muziponya pamalo amodzi nkuimirira kuona ngati zikumaliza. Musakumbe dziwe pomwe mulibe chitsimikizo cha madzi a mu October ndi November, ndipo za madzizo mugwirizane ndi anansi anu khasu lisanagwe pansi. Chinanso, dziwe silioneredwa masana. Muzipitako kusanache. Nsomba zikayasama pamwamba m'mamawa sizikupempha madeya, zikubanika. Ndipo inu amene mudzaliyendetse pa foni muli mumsika ngati ine, mnyamata wanu akanena chinthu muzimumvera.

Mlandu kwa amfumu unakambidwa sabata yotsatira. Ndinapepesa pabwalo, anthu onse akumva, ndipo anandigamula nkhuku ziwiri ndi K20,000. Amfumu anati, "Inu akamwini, tsiku lina mukadzaona zachilendo, muyambe mwafunsa odziwa musanaloze munthu chala. Anthu amaphedwa ndi mau ngati amenewa." Sindinayankhe kanthu chifukwa ankanena zoona.

Nsomba 400 ndinagulitsa zamoyo kwa alimi ena awiri kuti dziwe lipepuke. Khirisimasi inandidutsa. Ndinakolola mu January 2025, ndipo ndalama zake sizinakwane kubweza ngongole yonse. Yotsalayo ndinamaliza ndi phindu la usipa wa pa benchi mu April.

Koma dziwe sindinalisiye. Titaphwetsa madzi, matope a pansi aja, odzaza ndi chitosi changa chonse chija, mlamu anawatuta ndi wilibala kupita nawo kudimba, ndipo kabichi wake anachita kudabwitsa anthu. Lero dziwelo ndi la tonse awiri. Madzi a kasupe amayamba alowa m'dziwe, otuluka nkumakathirira tomato. Iwo amaliyendera m'bandakucha uliwonse, ine ndimagula mbewu ndi kupeza msika. Nsomba timaika 600, osapitirira.

Chambo chaiwisi chimene ena mwa inu mumagula pa benchi langa Loweruka lina ndi lina chimachokera kumeneko. Amene mukufunabe kukumba, ndipezeni pamalo anga pomwe paja, ndikuuzani zambiri. Koma za sing'anga uja musandifunse njira, K15,000 yanga ikundiwawabe.